Mutu 6: Bondo la Gladness

1. Bwalo losweka

M'chaka cha 2003 Alinesi anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ankakhala ndi makolo ake ku Chinengundu, m'tauni ya Chegutu. Bambo ake ankagwira ntchito ku fakitale ya nsalu, imene pa nthawiyo inkatsegula masiku atatu okha pa sabata.

Madzulo aliwonse akaweruka kusukulu, Alinesi ankathamangira kubwalo la tenisi la kalabu yakale ya alimi. Kumeneko ankakapeza mphunzitsi wake, a Lameki.

A Lameki anabadwira ku Dedza, koma anafika ku Zimbabwe ali kumbuyo kwa mayi awo, bambo awo atapeza ntchito ku migodi. Zaka makumi anayi anakhala akusesa bwalolo, kupenta mizere ndi kutola mipira ya azungu. Sanaloledwe kusewera ngakhale tsiku limodzi, koma kuonerera panalibe wowaletsa. Mafamu atalandidwa, eni kalabu anabalalika. A Lameki anatsala ndi kiyi wa geti, maraketi anayi ndi ndowa ya mipira yothothoka ubweya. Ukonde anausoka ndi chingwe chomangira mabelo a thonje, m'ming'alu ya simenti anathiramo dothi, n'kuyamba kuphunzitsa ana a m'lokeshoni.

Pa ana onsewo, awiri ndiwo ankaposa anzawo: Alinesi ndi Gladness.

Gladness anakulira pafamu ina kufupi ndi Chegutu, pamene bambo ake ankayendetsa thirakitala. Famuyo itagawidwa, antchito anauzidwa kuti abwerere kwawo. Kwawo kumeneko kunali ku Malawi, kumene ngakhale bambo akewo anali asanapondeko. Bamboyo anapita kukakumba golide ku Gadzema. Gladness ndi mayi ake, a Esinati, analandiridwa ndi makolo a Alinesi, amene ankapemphera nawo mpingo umodzi. Kuyambira pamenepo atsikana awiriwa ankagona chipinda chimodzi, kufunda bulangete limodzi ndi kudya sadza, nsima ya kumeneko, m'mbale imodzi.

Pabwalo, Gladness anali ndi liwiro. Mpira umene aliyense ankati wapita, iye ankaufikira. Alinesi analibe miyendo yotero, koma ankamvetsera.

"Tenisi si nkhonya," ankatero a Lameki. "Mpira ukakufika molimba, usachite matama. Ubwezere mopingasa, kuchoka pangodya yako kupita pangodya yakutali. Pakati ukonde ndi waufupi, ndipo njira imeneyo ndi yaitali, mpira sutuluka msanga. Kumenya motsata mzere dikira mpira wofooka, wogwera pafupi. Akatswiri amene amadyera masewerawa sawina ndi mpira umodzi wokongola. Woyamba amakukankhira kumbuyo. Wachiwiri amakutulutsira kumbali. Wachitatu ndiye amaponya pamene iwe palibe. Wamva?"

"Ehe, sekuru," ankayankha Alinesi m'Chishona.

"Ndakufunsa m'Chichewa."

"Ndamva, agogo."

2. Kuseri kwa nyumba

Mwezi wa Ogasiti kunabwera uthenga wakuti ku Kadoma kudzakhala mpikisano wa atsikana a m'sukulu. Kudzabwera a Tichaona, mphunzitsi wa tenisi wa ku Harare. Wopambana adzamutengera kusukulu yawo yogonera komweko, kumene ana amaphunzira m'mawa, masana n'kumakonzekera kudzakhala akatswiri. Malo a mtsikana anali amodzi.

Lachinayi, kutatsala masiku awiri, atsikanawo ankachapa kuseri kwa nyumba. Alinesi anaona kuti mnzake akuchapa ataimirira, mwendo umodzi atauwongola.

"Bwanji sukugwada?"

Gladness anayang'ana uku ndi uku. Kenako anakweza siketi pang'ono. Bondo lakumanja linali lotupa ngati papaya wamng'ono.

"Lamlungu lija ndinakapereka ufa kwa adadi ku Gadzema," ananong'ona. "Ndinaterereka m'dzenje la okumba golide. Udzu unalibisa."

"Ndiye usewera bwanji?"

"Kuthamangira kumanja kapena kumanzere sindikumva kanthu. Chovuta n'kuthamangira kutsogolo n'kuima mwadzidzidzi, kapena kuwerama. Pamenepo zimakhala ngati andikhoma msomali." Anamugwira dzanja ndi manja a thovu. "Usauze munthu, shamwari, mnzanga iwe. Agogo akadziwa andiletsa. Amayi akadziwa, ndiye basi. Ukudziwa kuti ine kwina kolowera ndilibe."

"Sindiuza munthu," anatero Alinesi.

Tsiku lomwelo anafunditsa madzi, n'kumuthowa bondolo ndi kansalu. Anamubwereka ndi buluku lake lalitali lamasewera kuti chotupacho chisaoneke.

3. Chenjezo la a Lameki

Loweruka makombi, maminibasi a kumeneko, kunalibe chifukwa mafuta anali atasowa. Atatuwo anakwera kumbuyo kwa lole yonyamula thonje, n'kufika ku Kadoma tsitsi lili mbuu.

Tsiku limenelo atsikana onse awiri anapambana masewera awo mosavuta. Palibe amene anamuthamangitsa Gladness. Zinadziwika kuti Lamlungu masana, ndime yomaliza idzakhala ya ana a nyumba imodzi.

Kutatsala ola limodzi kuti ayambe, a Lameki anakhala pansi pa mtengo kumbuyo kwa bwalo, akukulunga chogwirira cha raketi ndi mphira wa chubu cha njinga. Alinesi anakhala pambali pawo.

"Agogo, kodi n'kulakwa kumenya pamene mnzako ali wofooka?"

"Kulakwa? Tenisi yake ndi imeneyo. Ukaona kuti dzanja lake lakumanzere n'lofewa, mipira yonse ipite komweko. Ukaona kuti sevu yake yachiwiri, mpira woyambitsira uja, ndi yamantha, lowa m'kati uiphe. Ukaona kuti watopa, talikitsa masewera. Kumusiya munthu dala n'kumunyoza."

Alinesi anagwedeza mutu, n'kufuna kudzuka.

"Khala pansi, sindinathe," anatero a Lameki. "Ndanena kuti ukaona. Chofooka chimene wachiona ndi maso ako pabwalo ndi chako, wachigwirira ntchito. Koma chimene munthu wakuuza kunyumba chifukwa amakukhulupirira si chako. Wangosungitsidwa.

"Ndikuuze za ine. Chaka cha 1974 ndinali mnyamata wonyamula zikwama pakalabu paja. Panali mlimi wina wachinyamata, waulemu, yekhayo amene ankandipatsa moni. Tsiku lina ndinamupeza m'chipinda chosinthira akumanga phewa ndi bandeji. Anandiuza kuti, 'Lameki, wandiona wekha, zithere pompano.' Ndinavomera. Madzulo ake bwana wamkulu wa kalabu, amene ankayenera kusewera ndi mlimiyo mawa lake, anandiitana. Anandipatsa jekete lakale n'kundifunsa zimene ndinaona. Ndinanena.

"M'mawa mwake bwanayo sanamenye mpira wina koma wam'mwamba. Wam'mwamba, wam'mwamba, kuti mlimi uja azikweza mkono. Seti yachiwiri isanathe, phewa linaguluka. Sanagwirenso raketi. Ankabwerabe pakalabu kudzaonerera, ndipo ankandipatsabe moni. Moni ameneyo ndiye ankandipweteka. Jekete lija ndinalivala kamodzi, linkandiyabwa, ndinalitaya m'chimbudzi. Amene anali pamenepo onse anamwalira kapena anapita kunja. Ndatsala ndine, ndipo ndikukumbukirabe."

Anamaliza kukulunga raketi n'kumupatsa.

"Tsono wafunsiranji, mwanawe? Ngati pali chimene ndiyenera kudziwa masewera asanayambe, nthawi yake ndi ino."

Alinesi anayang'ana kutsidya. Gladness ankadumphadumpha pafupi ndi ukonde, akumwetulira.

"Palibe, agogo. Ndangofunsa."

4. Mpira wakufa

Anthu anadzaza m'mphepete mwa waya. A Esinati anali atabwera ndi amayi ena a mpingo. A Tichaona anakhala pampando pafupi ndi woimbira masewera, kabuku kali pamwendo. Lamulo linali lakuti wotenga maseti awiri ndiye wapambana, ndipo seti inkapita kwa woyamba kupambana magemu asanu ndi imodzi.

Seti yoyamba Alinesi anasewera monga anaphunzitsidwira. Anaponya mipira yaitali, yopingasa, akudikira wofooka. Koma Gladness ankafika paliponse. Ukamutulutsira kumanja, wabweza. Ukamutembenuzira kumanzere, wabwezanso. Alinesi anayamba kupupuluma, n'kumamenya motsata mzere nthawi isanakwane. Mipira inkagunda ukonde kapena kutuluka. Seti inapita kwa Gladness, magemu asanu ndi imodzi kwa atatu.

Seti yachiwiri inayamba chimodzimodzi. Posakhalitsa Gladness anali ndi magemu anayi, Alinesi awiri. Alinesi anaona a Tichaona akulemba m'kabuku, maso ali pa Gladness.

Pali kamenyedwe kena kamene a Lameki ankakatcha mpira wakufa. Umakweza raketi ngati umenya mwamphamvu, kenako umangoupusa mpirawo pansi pake. Umadutsa ukonde pang'ono, n'kugwa pomwepo osadumpha. Mnzako ayenera kuthamanga kuchokera kumbuyo, kuima mwadzidzidzi ndi kuwerama. A Lameki ankati mpira umenewu ndi wa apo ndi apo, kamodzi kapena kawiri pa masewera onse, chifukwa wothamanga akauzolowera amakupha nawo.

Gladness anaseva. Alinesi anabweza wautali. Gladness anabweza. Alinesi anakweza raketi, n'kupusa.

Mpira unagwa kuseri kwa ukonde. Gladness anathamanga, anaufikira, koma poima nkhope yake inakwinyika. Mpira wake unakwera mofooka, Alinesi n'kuumenya pambali pake.

Anthu anaomba m'manja. Gladness anaima pa ukonde akumuyang'ana. Alinesi anaweramitsa mutu, n'kumakonza zingwe za raketi zimene zinali zokonzeka kale.

Mpira wotsatira anachitanso chomwecho. Ulendo uno Gladness atafika pa ukonde, Alinesi anaukweza m'mwamba, kumudumphitsa mutu. Gladness anatembenuka kuthamangira kumbuyo. Atangoubweza, Alinesi anapusanso. Kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo.

Gemu imeneyo inapita kwa Alinesi. Yotsatira inapitanso kwa iye.

Posinthana mbali anadutsana pafupi ndi mtengo wa ukonde.

"Alinesi, ukutani?" anafunsa Gladness motsitsa mawu.

"Ndikusewera tenisi."

"Unalonjeza."

"Ndauza ndani?" anatero Alinesi, n'kupitirira.

Anatenga seti yachiwiri. Tsopano aliyense ankaona kuti Gladness akutsimphina. A Lameki anaimirira, nagwira waya.

"Gladness, mwendo watani? Tuluka, mwanawe!"

Gladness anapukusa mutu. A Esinati nawonso anaitana, koma iye sanacheuke.

Mu seti yachitatu Alinesi anatsogola magemu atatu kwa imodzi. Panalibenso chifukwa chopusira. Mipira yaitali yokha ikanakwanira, popeza mnzake sankathanso kufika m'ngodya. Koma dzanja linali litazolowera. Mpira unabwera wofewa, pakati pa bwalo. Kumanzere kunali pululu. Alinesi anapusa.

Gladness anathamanga ndi mphamvu zake zonse. Atatsala phazi limodzi, anaponda ndi mwendo wakumanja. Panamveka kuti thu, ngati chingwe chaduka. Anagwa chammbali, raketi n'kuterereka mpaka pa ukonde.

Sanalire msanga. Anangotsegula pakamwa, manja ali pabondo. Kulira kunayamba a Esinati atafika.

Amuna awiri anamunyamula pa benchi kupita naye kuchipatala, chimene sichinali patali. Woimbira analengeza kuti wapambana ndi Alinesi wa ku Chegutu.

5. Khumi ndi umodzi

A Tichaona anamugwira chanza ndi manja awiri.

"Makorokoto, wachita bwino! Ndakhala ndikuyenda dziko lonse kufuna mwana woganiza pabwalo," anatero, akusakaniza Chishona ndi Chingerezi. "Ambiri amangomenya. Iwe unaluza seti, unaona bondo lija pamene ife tonse tinali tisanalione, n'kusintha masewera. Maso amenewo saphunzitsidwa. Mawa m'mawa tinyamuka limodzi."

Alinesi anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka chinali "Zikomo."

Anamupatsa chikho chaching'ono cha chitsulo. Anachigwira ngati mbale yotentha.

Anthu atabalalika, anapeza a Lameki akutola mipira m'bwalo lopanda munthu, monga ankachitira kale. Sanamuyang'ane.

"Mipira yakufa khumi ndi umodzi," anatero. "Ndinawerenga. Zaka ziwiri ndakuphunzitsa, sunapusepo koposa kawiri. Woyamba uja unauponya mnzako asanatsimphine n'komwe. Unadziwa liti?"

"Lachinayi, agogo."

"Anakuuza yekha?"

"Inde."

A Lameki anaika ndowa pansi, n'kukhala pa benchi pang'onopang'ono.

"Ndinakufunsa pansi pa mtengo paja. Ukanandiuza, bwenzi nditamuletsa. Bwenzi atakukwiyira sabata imodzi, mwina mwezi, koma ali ndi miyendo iwiri. Chinsinsi chosunga munthu kuti avulale sichisungidwa, chimaperekedwa kwa wamkulu. Iwe unachibisa kwa ine amene ndikanamuteteza, n'kuchitulutsa pabwalo pamene chikanamupweteka. Pakamwa pako sipanaulule, n'zoona. Linaulula ndi dzanja.

"Ndipo chowawa n'chakuti sunafunikire kutero. Seti yachiwiri ija unali utayamba kumupeza. Mipira yake yakumanzere inali itayamba kufupika. Ukanapirira magemu awiri, mwina ukanawina, mwina ukanaluza, koma lero ukanatha kumuyang'ana m'maso.

"Inenso ndili ndi mlandu wanga. Mwana wavala buluku lalitali dzuwa lili phwee, ine nkhalamba osafunsa. Umenewo ndikaupepesa ndekha."

Alinesi anayamba kulira. "Agogo, nditani?"

"Ine sindine wolakwiridwa. Misozi imeneyo ukuitayira pamalo polakwika. Tiye."

6. M'chipinda cha odwala

Gladness anagona pabedi lapafupi ndi zenera, mwendo atauika pakati pa matabwa awiri. Buluku lija analidula ndi sizasi. A Esinati anakhala pansi, atatambalala.

Ataona Alinesi, a Esinati anamwetulira motopa.

"Lowa, mwanangu. Usadandaule, ndi ngozi. Wopusa ndi mnzakoyu, wobisa matenda."

Alinesi anagwada pa simenti.

"Si ngozi, amayi. Ndinkadziwa. Anandionetsa bondo Lachinayi, anandiuzanso pamene limapwetekera. Nditaona kuti ndikuluza, ndinayamba kuponya mipira pomwepo. Ndinachita dala."

Mayi wina wa pabedi loyandikana anasiya kutafuna.

A Esinati anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Tsiku limene tinachoka pafamu," anatero, "tinayenda ndi mtolo umodzi. Anthu amene tinakhala nawo zaka makumi awiri ankatseka zitseko tikamadutsa. Sindinawadabwe, anali ndi mantha. Mayi ako anatitsegulira. Iwe unasuntha pabedi pako kuti mwana wanga agone. Ndinkauza anthu kumpingo kuti Mulungu anandilanda nyumba n'kundipatsa mwana wachiwiri. Tsono lero ndikawauza chiyani? Ine sindikutukwana, Alinesi. Ndikudya kwanu, ndikugona kwanu, pakamwa panga m'pomangika. Koma dziwa kuti amene anatithamangitsa aja sankatidziwa mayina. Iwe umadziwa ndi pamene pamapweteka pomwe."

Alinesi anakwawira pafupi ndi bedi.

"Gladness, ndikhululukire."

Gladness anali atayang'ana kukhoma. Sanatembenuke.

"Woyamba uja ndinati mwina waiwala," anatero ndi mawu ouma. "Wachiwiri ndinati mwina mantha. Womaliza uja unali utawina kale."



Nthawi yomweyo analowa namwino, n'kuitanira a Esinati ndi a Lameki pakhomo. Alinesi anamva zonse. Mtsempha wa m'bondo unali utaduka, mwinanso fupa linali litang'aluka. Makina ounikira mafupa anali atawonongeka. Mwanayo ankafunika kukaonedwa ku Harare m'masiku awiri kapena atatu, apo ayi mwendo ukanauma chopindika. Ambulansi inalipo, koma inalibe dizilo.

"Nanga basi?" anafunsa a Lameki.

"Anthu akugona pa siteji masiku awiri," anatero namwino. "Ndipo mwendo uwu sungapindidwe m'kombi. Pezani galimoto."

Alinesi anadzuka n'kutuluka chothamanga. Anawapeza a Tichaona kubwalo kuja, akumangirira zikwama padenga la galimoto yawo yaing'ono. Dzuwa linali litapendeka. Anawafotokozera za namwino, mawu akuphonyana. Kenako anawauzanso za Lachinayi.

A Tichaona anasiya chingwe.

"Ndiye kuti si maso ako?"

"Ayi, bambo."

Anakanda chibwano, akuyang'ana galimoto.

"Zimenezo tidzakambirana, ndipo sizidzakhala zokoma. Koma wawina pamaso pa anthu, malo ndi ako. Tsono tamvera. Kumbuyoku kwadzaza anyamata atatu amene ndawatenga ku Gweru ndi ku Kwekwe. Watsala mpando wakutsogolo. Ukaukankhira kumbuyo, munthu wa mwendo wowongoka akhoza kukwana. Mafuta ndili nawo a ulendo umodzi, ndinawafolera masiku anayi, ndipo sindibweranso kuno chaka chino. Kalembera kusukulu atseka mawa masana. Amene safika ndi thupi lake, malo ake amapatsidwa wina, ndipo pa zimenezo ine ndilibe mphamvu."

A Lameki anali atafika, akupuma mwabefu. Alinesi anawayang'ana kuti anene kanthu. Nkhalambayo inavula chipewa, n'kupukuta thukuta.

A Tichaona anakoka chingwe n'kumanga mfundo yomaliza.

"Ndiima pageti la chipatala seveni koloko m'mawa," anatero. "Ndidzatsegula chitseko chimodzi. Wolowa mukhale mutagwirizana."